Kodi ndani amauza hypothalamus kuti iyambe kutulutsa mahomoni munthu akapanikizika?

Mwanasukulu_wa_unamwino analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndine mtsikana wophunzira unamwino, ndili chaka chachiwiri, ndipo ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha pamene tinayamba mutu wa mahomoni. M'buku lathu nkhaniyi yalembedwa mwachidule kwambiri. Akuti munthu akapanikizika, mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatulutsa homoni yotchedwa CRH, CRH imapita ku pituitary, kachiwalo kokhala pansi pa ubongo, n'kuichititsa kutulutsa homoni ina yotchedwa ACTH, ndipo ACTH imayenda m'magazi mpaka kukafika ku tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso, timene timatulutsa cortisol. Zimenezi ndaloweza ndipo nditha kuzilemba pa mayeso. Chimene sindikumvetsa ndi poyambira pake. Hypothalamus ilibe maso, ilibenso makutu, nanga imadziwa bwanji kuti kunja zinthu zavuta?

Ndikufunsa chonchi chifukwa cha zinthu ziwiri zimene ndaona ndekha. Mwezi wathawu minibasi imene ndinakwera inatsala pang'ono kuwombana ndi lole, pamene dalaivala ankafuna kupitirira galimoto ina pamalo okhota. Mtima wanga unayamba kugunda mwamphamvu nthawi yomweyo, m'manja munanyowa thukuta, m'kamwa munauma gwa. Palibe anavulala, koma usiku umenewo ndinangokhala maso mpaka tambala woyamba. Chachiwiri ndi cha mayi anga aang'ono. Iwo sanakumane ndi ngozi iliyonse, koma chibwerekereni ndalama ku banki m'khonde bizinesi n'kulowa pansi, sakugona bwino, akudandaula mutu, ndipo kunyumba aliyense akungoti akuganiza kwambiri. Kodi ganizo chabe, lopanda lole kapena magazi, lingatsegule njira yomweyi ya cortisol? Aphunzitsi athu anangotchula kuti pali ma neurotransmitter amene amayendetsa zimenezi, koma nthawi inatha asanafotokoze. Ndithandizeni, chonde.

Mphunzitsi_wopuma analemba:

Mwana wanga, mwafunsa funso loyenera, ndipo ndi funso limene ine ndinkalakalaka ophunzira anga atandifunsa pa zaka zimene ndinkaphunzitsa za kagwiridwe ntchito ka thupi. Ndiyambe ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zimene zinakuchitikirani m'minibasi, chifukwa anthu ambiri amazisakaniza.

Kugunda kwa mtima, thukuta ndi kuuma m'kamwa sizinabwere ndi cortisol. Cortisol amachedwa, amayamba kukwera pakapita mphindi zingapo ndipo amafika pachimake patatha mphindi 20 mpaka 30. Chimene chinakugwirani m'kanthawi kochepa kaja ndi minyewa ya sympathetic, imene imachokera mu ubongo kudzera mu msana. Minyewa imeneyi imathira noradrenaline pa mtima penipeni ndi pa mitsempha ya magazi, ndipo nthambi ina imapita mkati mwa kachiwalo ka adrenal, kumene imathira acetylcholine pa maselo amene amatulutsa adrenaline. Walter Cannon wa ku Harvard ndiye anafotokoza njira imeneyi m'zaka za m'ma 1910, ponena za nyama imene ikukonzekera kumenyana kapena kuthawa. Njira ya m'buku lanu ndi ina, yoyenda pang'onopang'ono, imene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti m'magazi muli shuga wokwanira, kuti magazi asasiye kuthamanga bwino, ndiponso kuti chitetezo cha m'thupi chisapyole muyeso. Imeneyi inadziwika kwambiri chifukwa cha Hans Selye, amene mu 1936 ku Montreal anaona kuti makoswe ozunzidwa m'njira zosiyanasiyana onse ankatupa tiziwalo ta adrenal.

Tsopano tibwere ku hypothalamus. Si hypothalamus yonse imene imatulutsa CRH. Ndi kagulu kochepa ka maselo a minyewa kokhala m'kachigawo kotchedwa paraventricular nucleus, kapena PVN mwachidule. Maselo amenewa ndi odabwitsa chifukwa mbali imodzi ndi minyewa, yolandira uthenga kuchokera ku minyewa inzake, koma mbali inayo amachita ngati kachiwalo kotulutsa mahomoni: michira yawo imakathera pa timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri totsikira ku pituitary, ndipo m'menemo ndi mmene amathira CRH pamodzi ndi vasopressin, amene amawonjezera mphamvu ya CRH. Geoffrey Harris wa ku England ndiye anaumirira m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kuti ubongo umalamulira pituitary kudzera m'timitsempha timeneti, koma CRH yeniyeniyo inapezeka mochedwa, mu 1981, pamene Wylie Vale ndi anzake ku Salk Institute ku California anaipatula kuchokera mu ubongo wa nkhosa zambirimbiri n'kupeza kuti ndi kaunyolo ka ma amino acid 41.

Yankho la funso lanu lagona pa zimene zimafika pa maselo a CRH amenewa. Selo lililonse lazunguliridwa ndi nsonga zambiri za minyewa ina, ndipo nsonga iliyonse imathira mankhwala ake, amene ndiwo ma neurotransmitter. Ena amalidzutsa selo, ena amalikhazika chete. Odzutsa akuluakulu ndi glutamate ndi noradrenaline. Wokhazika chete wamkulu ndi GABA, ndipo nsonga zothira GABA ndi zochuluka zedi m'chigawo chimenechi, pafupifupi theka la nsonga zonse.

Apa ndi pamene ndikufuna muganizire mofatsa, chifukwa mabuku ambiri a m'kalasi amapadumpha. Ophunzira amaganiza kuti maselo a CRH amakhala ali m'tulo mpaka chinthu china chiwadzutse. Zoona zake zili ngati mbuzi yanjala imene yamangidwa m'mbali mwa munda wa chimanga. Mbuziyo siifunika kuikankha kuti ilowe m'munda. Ikukoka kale, ndipo chimene chikuiletsa ndi chingwe basi. GABA ndiye chingwe chimenecho, ndipo amagwira usana ndi usiku. Umboni wake ndi wakuti akatswiri akathira mankhwala otseka zolandirira GABA m'chigawo cha PVN cha khoswe amene wangokhala phee, mahomoni ake amakwera ngakhale palibe chimene chamuopsa. Tsono pali njira ziwiri zochititsa kuti CRH ituluke: kuikoka mbuzi mwamphamvu mpaka chingwe chigonje, kapena kungomasula chingwe.

Njira yoyamba ndi ya mavuto a m'thupi lenilenilo. Munthu akataya magazi ambiri, shuga akatsika, mpweya ukachepa, kapena thupi likagwidwa ndi matenda monga malungo aakulu, uthenga umakwera kudzera m'minyewa ya m'chifuwa ndi m'mimba, makamaka vagus, kukafika pa tsinde la ubongo, m'kachigawo kotchedwa nucleus of the solitary tract. Kumeneko kuli maselo a noradrenaline amene michira yawo imapita molunjika ku PVN, osadzera kwina. Noradrenaline akafika amadzutsa maselo a CRH, ndiponso amalimbikitsa timinyewa ta glutamate tapafupi kuti tiwonjezere moto. Njira imeneyi siidikira kuti munthu aganize kapena adziwe chimene chikuchitika, ndipo n'chifukwa chake wodwala amene wagonekedwa tulo ku fiyeta cortisol wake amakwerabe pamene akuchitidwa opaleshoni yaikulu.

Njira yachiwiri ndi ya lole lija ndiponso ya ngongole ya mayi anu aang'ono. Pano palibe magazi atayika. Pali chinthu chimene ubongo waona, wakumbukira kapena ukuyembekezera. Chigawo chimene chimazindikira zoopsa ndi amygdala. Chodabwitsa n'chakuti amygdala ili ndi michira yochepa kwambiri yofika ku PVN molunjika, ndipo maselo ake ambiri otumiza uthenga kumbali ya PVN ndi a GABA, amene tati ndi wokhazika chete. Nanga wokhazika chete angadzutse bwanji CRH? Amatero chifukwa amakathira GABA wake pa maselo ena a GABA, aja ogwira chingwe, amene ali mozungulira PVN ndi m'kachigawo kotchedwa BNST. Wogwira chingwe akakhazikidwa chete, chingwe chimamasuka, mbuzi n'kulowa m'munda.

Pali zigawo zina ziwiri zimene zimachita zosiyana ndi amygdala. Hippocampus, imene imasunga chikumbumtima cha malo ndi zochitika, ndi prefrontal cortex ya kutsogolo kwa ubongo, imene timaganizira ndi kuyeza zinthu, zonse zimatumiza glutamate. Koma glutamate wawo amakadzutsa ogwira chingwe aja, ndiye zotsatira zake n'zakuti CRH imatsika. Makoswe amene zigawo zimenezi zawonongedwa amachedwa kuzimitsa mahomoni awo vuto likatha. James Herman wa ku Cincinnati ndi mmodzi mwa amene anathera zaka zambiri akulondola njira zimenezi. Choncho musaloweze kuti glutamate amakweza cortisol ndipo GABA amamutsitsa; funso nthawi zonse likhale lakuti, wathiridwa pa selo liti?

Ndikuuzeni poyera kuti zambiri mwa njira zimenezi zinalondoledwa mu ubongo wa makoswe ndi mbewa, zimene homoni yawo yaikulu ndi corticosterone, m'bale wake wa cortisol. Mwa anthu timaona zogwirizana nazo tikamayeza magazi ndi malovu ndiponso tikamaona mmene mankhwala amagwirira ntchito. Yankho langa pa funso lanu ndi lakuti inde, ganizo lokha likhoza kutsegula njira imeneyi, chifukwa amygdala imayankha chinthu chokumbukiridwa kapena choyembekezeredwa monga mmene imayankhira chinthu chimene maso akuona.

Sisita_wa_mu_wodi analemba:

Aphunzitsi afotokoza bwino za mkati mwa ubongo, ndipo ine ndaphunzirapo zimene sindinazimvepo pa nthawi imene ndinali pasukulu. Mng'ono wanga, ine ndikuwonjezerani mbali imene mudzakumane nayo mu wodi, chifukwa nkhani imeneyi si ya mayeso okha. Pali anthu amene amafa nayo.

Cortisol akakwera m'magazi amabwerera ku ubongo ndi ku pituitary kukanena kuti zakwana. Ubongo sutha kusiyanitsa cortisol wa m'thupi ndi mankhwala ofanana naye monga prednisolone, dexamethasone ndi hydrocortisone. Munthu akamamwa prednisolone tsiku ndi tsiku, maselo a CRH amamva kuti homoni ilipo yambiri ndipo amakhala chete, ACTH imatsika, ndipo tiziwalo ta adrenal timafota chifukwa chosowa ntchito. Zaka zingapo zapitazo tinalandira bambo wina wa mphumu amene ankagula yekha prednisolone kwa miyezi yambiri chifukwa ankamuthandiza kupuma. Ndalama zitamuthera anangosiya kamodzin'kamodzi, ndipo patapita masiku ochepa anadwalanso chifuwa. Anafika ali wofooka kotheratu, akusanza, BP ili pansi, shuga alinso pansi. Tinamuika madzi koma BP sinkakwera mmene timayembekezera, mpaka mkazi wake atatulutsa timapepala ta mankhwala m'chikwama ndi pamene adokotala anazindikira n'kulamula hydrocortisone wa mumtsempha. Bambo uja anachira, koma chithunzi chake sichinandichoke. Noradrenaline wa m'tsinde la ubongo wake ayenera kuti ankaitana ndithu, koma amene ankaitanidwawo anali atagona kwa miyezi, ndipo sadzuka tsiku limodzi. Nthawi zina pamatenga miyezi yambiri kuti njira yonse ibwerere mwakale. N'chifukwa chake wodwala amene wamwa mankhwala amenewa kupitirira masabata atatu samusiyitsa mwadzidzidzi; amachepetsa mlingo pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala.

Muzifunsanso za mafuta odzola. Mafuta ena oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika amakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, amenenso ndi mankhwala ofanana ndi cortisol, ndipo munthu akamadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawo amalowa m'magazi n'kuchita chimodzimodzi. Wodwala sangakuuzeni yekha chifukwa saona mafuta ngati mankhwala, ndipo ena amachita manyazi, ndiye muzifunsa mwaulemu ndiponso pambali.

Vuto lina limayambira pansi, pa adrenal penipeni. Thomas Addison wa ku London analifotokoza mu 1855, ndipo odwala ake ambiri tiziwalo tawo tinawonongedwa ndi chifuwa chachikulu. Kuno kwathu TB ikadali chimodzi mwa zifukwa zazikulu za matenda amenewa. Apa ubongo uli maso, CRH ndi ACTH zikutuluka zambiri, koma palibe woyankha, ndipo kuchuluka kwa ACTH kumadetsa khungu, makamaka m'mizere ya m'manja ndi m'nkhama. Rifampicin amene timapereka pa TB amafulumizitsa chiwindi kuphwanya cortisol, kotero wodwala amene adrenal wake anali wofooka kale akhoza kugwa atangoyamba mankhwala.

Chomaliza ndi nthawi yotengera magazi. Cortisol sakhala pa mlingo umodzi tsiku lonse. Amakhala wotsika kwambiri cha pakati pa usiku, amayamba kukwera mbandakucha, ndipo amakweranso m'mphindi 30 mpaka 45 munthu atangodzuka. Akakuuzani kuti mutenge magazi a cortisol wa m'mawa, mutenge cha m'ma 8 koloko ndipo mulembe nthawi pa fomu, apo ayi zotsatira zake zidzasocheretsa wowerenga.

Mwanasukulu_wa_unamwino analemba:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomonso a sisita. Nkhani ya chingwe yandithandiza, ndipo ndajambula m'kope mwanga muvi wa GABA wolasa GABA mnzake kuti ndisaiwale. Koma zandibweretsera mafunso ena awiri. Ngati GABA ndiye wogwira chingwe, kodi mankhwala monga diazepam, ngakhalenso mowa, amene ndinawerenga kuti amalimbikitsa GABA, sangakhale njira yotsitsira cortisol kwa munthu ngati mayi anga aang'ono? Ndikufunsa chifukwa pali wina anawalangiza kale kuti azimwako pang'ono madzulo kuti agone. Ndiponso serotonin ali pati pa nkhani imeneyi? Pa Facebook ndimaona anthu akulemba kuti serotonin ndi mankhwala a chimwemwe amene amathamangitsa cortisol.

Wamankhwala_Kumpoto analemba:

Achemwali, ndine wa ku famase, ndipo funso lanu loyamba ndiliyankha mosazungulira: mayi anu aang'ono asatsatire malangizo a mowawo.

N'zoona kuti mankhwala a gulu la diazepam amakhala pa zolandirira GABA n'kuwonjezera mphamvu yake, ndipo munthu akamwa kamodzi ACTH ndi cortisol zimatha kutsika kwa kanthawi. Koma ubongo sulola kukokeredwa mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Ukaona kuti GABA wachuluka mphamvu, umasintha zolandirira zake kuti zisamamve kwambiri, ndipo umawonjezera mbali ya glutamate. Pakapita masabata ochepa mlingo womwe uja sugwiranso ntchito, ndipo tsiku limene munthu wasiya, chingwe chimapezeka chofooka kuposa poyamba pamene odzutsa achuluka. Zotsatira zake ndi kunjenjemera, kusowa tulo, mantha aakulu, nthawi zina mpaka kukomoka ngati wa khunyu. N'chifukwa chake mankhwala amenewa timawapereka kwa masiku owerengeka ndiponso ndi chikalata cha dokotala.

Mowa ndi woipirapo, chifukwa sugwira pa GABA pokha. Mowa wambiri umadzutsa maselo a CRH, ndipo cortisol amakwera ngakhale munthuyo akumva ngati mtima wakhala pansi. Amagona msanga, koma tulo take timakhala toduladula, ndipo mowa ukamatha m'magazi cha m'bandakucha noradrenaline ndi cortisol zimakwera, munthu n'kudzuka mtima ukugunda ndi nkhawa yoposa ya dzulo. Anthu amene amwa kwambiri kwa zaka amatha kufika poti nkhope yatupa, mimba yakula, BP yakwera, mofanana ndi wodwala matenda a Cushing, amene amabwera ndi kuchuluka kwa cortisol. Fodya nayenso ali m'gulu lomweli: nicotine amakhala pa zolandirira acetylcholine, kuphatikizapo za m'tsinde la ubongo, n'kudzutsa maselo a noradrenaline amene aphunzitsi atchula aja, kotero ndudu imene munthu amasuta pofuna kukhazika mtima pansi imakweza ACTH ndi cortisol. Mankhwala ochepetsa ululu a gulu la morphine amachita zosiyana. Mwa anthu amatsitsa njira imeneyi, ndipo amene amawamwa kwa nthawi yaitali ena amapezeka ndi cortisol wochepa. Zimenezi zikutiuza kuti ma opioid achilengedwe a mu ubongo, timankhwala tofanana ndi morphine, nawonso amathandiza kugwira chingwe.

Za serotonin, zimene mwawerengazo n'zosiyana ndi zimene timaona. Serotonin amachokera m'maselo a m'tsinde la ubongo otchedwa raphe, ndipo akafika ku hypothalamus nthawi zambiri amadzutsa CRH. Munthu wathanzi akapatsidwa kamodzi mankhwala okweza serotonin, cortisol wake amakwera, ndipo madokotala ofufuza akhala akugwiritsa ntchito zimenezi poyeza mmene serotonin akugwirira ntchito. Ndiye n'chifukwa chiyani fluoxetine kapena amitriptyline, amene amakweza serotonin, amathandiza odwala matenda okhumudwa? Chifukwa phindu lake silibwera tsiku loyamba. Limabwera pakatha masabata angapo, ubongo utasintha zolandirira zake, ndipo mwa odwala amene akuchira, ubongo umayambanso kumva bwino uthenga wa cortisol wakuti zakwana. Odwala ena amamva nkhawa yowonjezereka m'masiku oyambirira, ndipo ngati sitinawachenjeze amasiya mankhwala asanaone phindu lake.

Ndiwonjeze chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Masiku ano kukubwera anthu ku famase kudzafunsa mankhwala kapena tiyi wochotsa cortisol m'thupi, chifukwa cha zimene aona pa intaneti. Cortisol si poizoni. A sisita angotiuza kumene zimene zimachitika akasowa. Ngakhale makampani akuluakulu a mankhwala anapanga mankhwala otseka zolandirira CRH ali ndi chiyembekezo chakuti achiza matenda okhumudwa ndi a nkhawa, koma atawayesa pa odwala sanapereke zotsatira zimene zinkayembekezeka. Ine ndimaona kuti pamenepa pali phunziro lakuti kukwera kwa homoni nthawi zambiri ndi chizindikiro cha zimene zikuchitika kumtunda, ku amygdala ndi ku prefrontal cortex, ndipo kutseka potulukira pokha sikukonza kumeneko. Mayi anu aang'ono apite kuchipatala akayezedwe BP ndi shuga, ndipo akafotokoze za tulo ndi maganizo momasuka, chifukwa uphungu ndi chithandizo chenicheni ndipo mankhwala oyenera alipo ngati angafunike.

Mphunzitsi_wopuma analemba:

Ndikugwirizana ndi a ku famase pa zonse, makamaka pa mowa. Ndingowonjezera za mmene njira imeneyi imazimira, chifukwa pamenepo ndi pamene pali kusiyana pakati pa inu, mwana wanga, amene munachita mantha tsiku limodzi, ndi mayi anu aang'ono amene ali m'mavuto kwa miyezi.

Cortisol amalowa mu ubongo n'kukhala pa zolandirira za mitundu iwiri. Mu 1968 Bruce McEwen ku New York anapeza kuti hippocampus ya khoswe imagwira kwambiri corticosterone, m'bale wake uja wa cortisol, ndipo mu 1985 Ron de Kloet ndi mnzake Reul ku Netherlands anaonetsa kuti zolandirirazo ndi ziwiri. Za mtundu woyamba, MR, zimagwira homoni mwamphamvu kuwirikiza pafupifupi kakhumi, ndiye zimakhala zodzaza ngakhale pa nthawi ya mtendere. Za mtundu wachiwiri, GR, zimadzaza pokhapokha homoni ikakwera, monga m'mawa kapena pa vuto, ndipo ndizo zimazimitsa moto. Mbali ina ya ntchito imeneyi imatenga maola chifukwa imadzera mu kusintha zimene selo likupanga. Koma pali ina ya mphindi zochepa chabe, imene gulu la Jeffrey Tasker ku Tulane University linafotokoza mu 2003: homoni ikafika pa selo la CRH, selolo limatulutsa timankhwala totchedwa endocannabinoid, timene timabwerera m'mbuyo kukafika pa nsonga ya glutamate n'kuiuza kuti ileke kuthira. Timankhwala timeneti timakhala pa zolandirira zomwe chamba chimagwira, koma wina asamve molakwa. Ta m'thupi timatuluka pa nsonga imodzi kwa kanthawi kochepa, pamene chamba chimasefukira mu ubongo wonse, ndipo THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, akachuluka amakweza cortisol.

Vuto likakhala la tsiku ndi tsiku, zinthu zimasintha m'njira ziwiri. Ngati ndi chinthu chomwechomwecho, chodziwika nthawi yake ndiponso chosavulaza, ubongo umazolowera ndipo homoni imatuluka yochepa ulendo uliwonse. Koma ngati ndi chinthu chosadziwika kuti chibwera liti ndiponso munthu alibe mphamvu pa icho, monga wangongole amene angagogode tsiku lililonse, kuzolowera kumavuta. Mwa makoswe osungidwa m'mavuto otere, maselo a CRH amayamba kupanga vasopressin wambiri, nsonga za glutamate ndi noradrenaline zimachuluka pa iwo, zolandirira GR zimachepa mu hippocampus ndi prefrontal cortex, ndipo nthambi za maselo a m'zigawo ziwirizi zimafota pamene za mbali ina ya amygdala zimakula. Gulu la Jaideep Bains ku Calgary linapezanso mu 2009 kuti pa nthawi ya vuto GABA weniweniyo amafooka pa maselo amenewa, chifukwa kapampu kotulutsa chloride (mbali ina ya mchere) m'selo, kotchedwa KCC2, kamachepa mphamvu, ndipo popanda kusiyana kwa chloride mkati ndi kunja GABA sangakhazike selo chete. Musaganize komabe kuti aliyense wovutika maganizo ali ndi cortisol wokwera. Ambiri mwa odwala matenda okhumudwa aakulu amakhala naye wokwera, koma ena amene anadutsa m'zoopsa zazikulu amapezeka naye wotsika, ndipo n'chifukwa chake kuyeza cortisol kamodzi sikungatiuze kukula kwa mavuto a munthu.

Kwatsala usiku wanu uja wosagona. Pofika nthawi yogona, cortisol wa m'minibasi anali atatsika kale, pakuti theka lake limachoka m'magazi pa ola limodzi kapena ola ndi theka. Chimene chinakusungani maso n'chakuti CRH si homoni yokha. M'zigawo zina za ubongo imagwiranso ntchito ngati neurotransmitter. Maselo a mu amygdala amathira CRH pa locus coeruleus, kachigawo kakang'ono ka m'tsinde la ubongo kamene kamagawa noradrenaline pafupifupi mu ubongo wonse ndipo kamayenera kuchepetsa ntchito kuti munthu agone. Nthawi iliyonse imene chithunzi cha lole chinkabwerera m'maganizo mwanu, amygdala inkayankhanso, locus coeruleus inkadzukanso, ndipo tulo tinkathawa. Kwa anthu ambiri zimenezi zimatha pakapita masiku ochepa, prefrontal cortex ikaphunzira kuti kukumbukira lole si kukumana nalo. Ngati patatha mwezi chithunzicho chikubwerabe, kapena mukupeza kuti mukuopa kukwera minibasi mpaka kusintha maulendo anu, mukaonane ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo, ndipo mukatero mupite limodzi ndi mayi anu aang'ono.